Ndinalemba Kuti Ndaona Pomwe Sindinaone

Abale anga, ine sindinabwere kudzakuuzani kuti mowa ndi woipa. Zimenezo mukuzidziwa kale, enanu maso akuchita kunena okha. Ndabwera kudzakuuzani za nyumba ya munthu imene ndinagwetsa ndi cholembera, ndili khale pa benchi. Dzina langa ndine Yohane Gwaza. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale chakufupi ndi ku Chipoka m'zaka zija za chipani chimodzi. Nkhaniyi ndikamaifotokoza mtima umandipsa mpaka lero, ndiye mukamva mawu akukwera musati ndikukalipira inu.

Mdzukulu wanga ali m'gulu lina la pa foni lokambirana za sayansi. Amafunsana za nyenyezi, za chitopa cha nkhuku, ndipo ali ndi anthu odzipereka amene amayang'anira kuti wina asalembemo zabodza. Tsiku lina anandionetsa monyada ngati zinayamba ndi iwo. Ndinamuuza kuti ife tinali nalo gulu lotero foni kulibe, ndipo amene analipha ndi agogo ake omwe akulankhula nawowa.

Tinkalitcha Kope la Mafunso. Masiku amenewo anthu khumi ophunzira mukanayamba kukhala pansi pa mtengo Loweruka lililonse, mwezi sukanatha wina asanabwere kudzafunsa kuti mumakambirana chiyani. Ndiye a Nabanda, namwino wa ku Chitala, mayi wamfupi wosaseka chisawawa, anati: "Ife tisamakumane. Liziyenda ndi kope." Munthu akakhala ndi funso ankalemba pa pepala. Wina akakhala ndi yankho, kapena akafuna kutsutsa yankho la mnzake, ankalembanso. Mapepala onse ankafika kwa wosunga Kope, iye n'kuwakopera ndi pepala la kaboni kuti atuluke makope atatu: lina lotsala ku Chipoka, lina la pa boma ku Salima, lina la ku Chitala.

Tinalimo aphunzitsi, alangizi a zaulimi, kalaliki wa pa sitolo, ndi asodzi awiri. Palibe ankalandira kanthu. Wopeza kaboni ankabweretsa kaboni, wopeza inki ankabweretsa inki. Wonyamula mapepala anali a Mbewe, bambo ofatsa ogwira ntchito pa sitima ya pamtunda. Zaka zisanu ndi chimodzi ananyamula mapepala athu m'chikwama chawo pakati pa Chipoka ndi Salima, osatayapo ndi limodzi lomwe. Ine ankanditcha achimwene.

Mafunso ake anali otere: n'chifukwa chiyani tizilombo ta nkhungu timatuluka m'nyanja ngati utsi? Kodi likodzo limachokeradi ku nkhono? Kodi phulusa limathamangitsadi anankafumbwe m'nkhokwe? Tinkatsutsana miyezi itatu pa funso limodzi, mpaka wina atakayesa yekha.

Malamulo anali pa tsamba loyamba, olembedwa ndi dzanja la a Nabanda. Ndale ayi. Kutukwana ayi. Ndipo yankho lililonse liyambe ndi amodzi mwa mawu atatu: Ndaona, Ndawerenga, kapena Ndikuganiza. Ukalemba kuti Ndikuganiza, aliyense anali ndi ufulu wokuseka. Ukalemba kuti Ndawerenga, unkayenera kunena kuti unawerenga pati. Koma ukalemba kuti Ndaona, anthu ankasiya kutsutsa, chifukwa ndiye kuti unapita ndi miyendo yako n'kuona ndi maso ako. Tsamba lomaliza linali ndi mutu wakuti Ndinalakwa. Munthu akazindikira kuti anasokeretsa anzake ankalemba pamenepo n'kusaina dzina. A Nabanda omwe analembapo kawiri. Ine ndinkanyadira kuti dzina langa silinaonekepo.

Anandisankha kukhala wosunga Kope chifukwa cha kalembedwe kanga, basi. Sikuti ndinali wanzeru kuposa ena, koma ine ndinamva ngati andisankha chifukwa cha nzeru. Anandipatsanso ntchito ina. Gulu linali litazika mzati wa mtengo wa tsanya m'madzi osaya, pa kagombe kena kabata, ulendo wa ola limodzi kuchokera kusukulu kwanga. Pa mzatiwo tinatemapo mizere khumi ndi iwiri, yotalikirana chikhatho chimodzi. Nyanja imakwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe, zimenezo aliyense amadziwa, koma ife tinkafuna kudziwa ngati chaka ndi chaka ikubwerera pamene inali. Ntchito yanga inali kupita Loweruka lililonse m'mawa, kuwerenga mzere umene madzi afika, n'kulemba m'Kope.

Tsono pakati pa njira yopita ku mzatiwo panali nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu.

Poyamba ndinkaima pobwerera, kapu imodzi yochotsa kutopa. Kenako ndinayamba kuima popita. Anthu a pamowapo ankati akandiona, "A Pulofesa afika!" Ankandifunsa chifukwa chake mwezi umadyedwa, ine n'kumafotokoza, iwo n'kumathira. Anthu amenewo ndimawakwiyira mpaka lero, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankafuna kudziwa za mwezi. Ankafuna kuona mphunzitsi akugwa pa benchi kuti akasimbe kunyumba. Koma wopusa wamkulu ndinali ine wokhala pamenepo, ndikumva kukoma kutchedwa Pulofesa.

Loweruka lina sindinafike ku mzati. Ndinadziuza kuti sabata imodzi nyanja singasinthe. Ndinatsegula Kope n'kulemba kuti, "Ndaona: mzere wachisanu." Sabata yotsatira ndinatero. Pofika chaka, njira ya ku mzati inali itamera udzu, ine ndikukweza manambala mvula ikagwa, ndikuwatsitsa dzuwa likatentha, ngati nyanja imamvera cholembera changa. Chinatha chaka chachiwiri ndikuchita zomwezo.

Nthawi imeneyo a Mbewe anali pafupi kupuma pa ntchito. Akuchikazi kwawo anawapatsa malo pafupi ndi nyanja, ndipo iwo, pokhala munthu wa Kope, anafunsa m'Kope: "Ndikufuna kumanga pamalo akutiakuti. Kodi nyanja ikubwera kumtunda kapena ayi?" Ndinayankha ndine. Ndinandandalika manambala a zaka ziwiri, okongola, olunjika, n'kumaliza kuti madzi akukwera ndi kutsika monga mwa nthawi zonse.

Munali m'gulumo Che Amidu, msodzi ndi mmisiri wosema mabwato. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo ankalemba zilembo zikuluzikulu zopendekeka. Iwo anauza a Mbewe pa siteshoni kuti asamange pamenepo. A Mbewe anati, "Lembani m'Kope, Che Amidu, kuti anzathu aone." Analembadi, n'kupereka kalatayo m'manja mwa a Mbewe omwewo, a Mbewe n'kudzandipatsa ine. Kalatayo inati: "Ndaona. Mwala umene bambo anga ankaikapo nkhafi m'chilimwe sunatuluke m'madzi chaka chatha, chaka chinonso sunatuluke. Nyanja ikubwera. Manambala a aphunzitsi sindikuwamvetsa."

Ntchito ya wosunga Kope inali imodzi yokha, kukopera zonse osasankha. Ine ndinawerenga kalatayo, ndinadziwa pomwepo kuti msodzi akunena zoona, ndipo chimene chinandigwira sichinali chisoni, chinali ukali. Munthu wosadziwa kuika mpumiro aziuza ine za nyanja? Ndinaipindapinda kalatayo n'kutsekera pakamwa pa botolo la kachasu. A Mbewe atafunsa kuti bwanji mawu a Che Amidu sanaoneke, ndinati, "Abwera m'kope lotsatira, achimwene." Iwo anakhulupirira manambala a mphunzitsi, anaumba zidina, anamanga, anafolera.

Che Amidu anadikira makope awiri. Kenako anabwera pakhomo panga masana, ataphimba mphuno ndi dzanja chifukwa cha fungo langa.

"Aphunzitsi, kalata yanga ili kuti?"

Ndinati inalibe nzeru.

"Ilembeni choncho anthu aiseke. Wallahi, ine sindikana kusekedwa. Koma musaibise."

Apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni, abale anga, ndipo ndikufuna mumve bwinobwino, chifukwa ena mumaganiza kuti pansi pa chidakwa ndi kugona m'ngalande. Ine ndinamuyang'ana bamboyo n'kunena kuti, "Mukapitiriza kundivuta, ndikanena kuti m'Kopemu muli ndale." Inu achinyamata simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Nthawi imeneyo mawu otero ankatha kumuchotsa munthu pakhomo pake, ana ake osadziwa kumene wapita. M'Kopemo munalibe ndale ngakhale mzere umodzi, ine ndinkadziwa kuposa aliyense poti ndinkakopera ndine. Sindinapite kukanena kulikonse, koma sikunafunikenso. Mawuwo anayenda. Kalaliki wa pa sitolo anatentha makope onse amene anali nawo. Alangizi anasiya kulemba. Chikwama cha a Mbewe chinayamba kuyenda chopanda kanthu. Chinthu chimene anthu anachimanga zaka ndi zaka popanda malipiro ndinachipha ndi mpweya wa kachasu.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Kusukulu anandiimitsa ntchito nditalowa m'kalasi ndikudzandira. Mkazi wanga anatenga ana kupita kwawo ku Chitala. Kenako mvula inagwa yambiri, nyanja inakwera, ndipo mphepo ya mwera itayamba kuwomba mafunde anafika pa maziko a nyumba ya a Mbewe. Zidina zinali zosawotcha. Khoma loyang'ana kunyanja linagwa masana, n'kugwera mayi a kunyumba kwawo pa mwendo. Mayi amenewo anayenda motsimphina mpaka imfa yawo.

Ine nditamva, ndinapita kukamwa. Pamowa paja wina anandisisita pa phewa n'kuti, "Musadandaule a Pulofesa, kanali kamasewera chabe kakope kanu kaja." Kamasewera. Mwendo wa munthu wathyoka, iye akuti kamasewera. Ndipo ine ndinavomera ndi mutu, chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva.

Loweruka lina m'mawa, ndili ndi matsire, ndinamva odi. Panja panali a Nabanda, a Mbewe ndi Che Amidu. A Nabanda anali atayenda kuchokera ku Chitala, Kope lili m'manja. Sanandipatse moni.

"A Gwaza, lero ndi Loweruka. Tiyeni mukawerenge mzati."

Ndinati mutu ukundipweteka.

"Ine ndine namwino. Mutu umenewo sufa nawo munthu. Valani nsapato."

Tinayenda njira ija. Titafika pa nyumba ya kachasu anzanga aja anadzuka kuti afuule monga mwa masiku onse, koma ataona nkhope ya a Nabanda anakhalanso pansi. Tinapitirira. Patatha zaka zoposa ziwiri, aka kanali koyamba kuti miyendo yanga idutse pamenepo. Njira inali itatsekeka ndi bango, ndipo tisanafike n'komwe pamene ndinkadziwa kuti pali gombe, tinapeza madzi. Mchenga umene ndinkaimapo kunalibe. Mzati sunkaoneka.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa. Ndinati, "Mwaona? Wina anauzula. Ndikanawerenga bwanji?"

Che Amidu anakoka bwato lawo m'bango n'kuti, "Kwerani, aphunzitsi."

Tinakwera tonse anayi. Anapalasa pang'ono, akuyang'ana mtengo wina kumtunda ndi phiri kutsogolo kuti apeze malo ake, kenako anaimitsa bwato ndi nkhafi. Dzuwa linali pamutu, madzi ali bata, oyera mbee. Anandilozera pansi. Mzati unali pomwepo, uli chiimire pamene tinauzika, wonse uli m'madzi, ndere zitaukuta.

A Nabanda anatsegula Kope pa miyendo pawo. "Mlungu womaliza umene munalemba, munati mwaona mzere wachisanu ndi chimodzi. Werengani lero."

Ndinati sindikuona mizere.

"Pisani dzanja."

Ndinapinda malaya n'kupisa. Madzi anafika m'chigongono ndisanakhudze nsonga ya mzati. Ndinapalapala ndere ndi zala mpaka ndinapeza mzere wapamwamba, wa khumi ndi chiwiri, umene tinautema tikuseka kuti madzi sadzafikapo. Ndinakhala choncho, dzanja lili m'madzi, osafuna kulitulutsa, chifukwa ndinadziwa kuti ndikalitulutsa ndiyenera kuyang'ana anthu.

Amene analankhula anali a Mbewe. Sanakweze mawu, bambo amenewo sankadziwa kukweza mawu.

"A Gwaza, kalata ya Che Amidu ndinanyamula ndine. Ndinaiika m'chikwama changa, ndinaisamala kuti isanyowe, ndinakupatsani m'manja. Ndiye kuti chimene chikanapulumutsa mwendo wa mkazi wanga ndinachinyamula ndekha n'kukupatsani. Ili kuti?"

Ndikanatha kunena kuti inatayika. Bodza linali kale pa lilime. Koma dzanja langa linali litagwira mzere uja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa ziwiri ndinali ndikukhudza chinthu chimene ndinkanena kuti ndaona. Ndinati, "Ndinatsekera botolo la kachasu."

Che Amidu anayang'ana kumbali n'kunena chapansipansi mawu a pemphero lawo. A Mbewe anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Ine ndinalira ngati mwana, koma palibe anandigwira pa phewa, ndipo anachita bwino.

A Nabanda anatembenuza Kope mpaka tsamba lomaliza, n'kundipatsa cholembera. "Misozi sitikopera ndi kaboni. Lembani."

Ndinalemba momwemo m'bwato, dzanja lili lonyowa. Ndinalemba kuti manambala onse a zaka ziwiri anali a m'mutu mwanga, kuti ndinabisa kalata ya Che Amidu, kuti m'Kope simunakhalepo ndale ndipo mawu aja ndinanena pofuna kuopseza munthu wosalakwa. Tsamba limene ndinkanyadira kuti mulibe dzina langa ndinalidzaza ndekha mpaka pansi.

Tsopano mvetserani mmene ndinabwererera, chifukwa kulira m'bwato sikunandisiyitse mowa. Ludzu linali pomwepo tsiku lomwelo.

Choyamba a Nabanda anandilamula kutenga tsamba lija kupita nalo ndekha kwa munthu aliyense wa m'gulu, khomo ndi khomo, ndikawerenge mokweza. Kalaliki uja sananditsegulire. Mlangizi wina anandimvetsera mpaka kumapeto n'kundiuza kuti ndichoke. Ena asanu anati abwerera, koma ine ndisakhalenso wosunga Kope. Ndinavomera. Munthu ukagwa usamakambirane za mpando.

Gulu linasinthanso kachitidwe, ndipo apa ndimakwiyira tonse, chifukwa tinayenera kuganiza zimenezi kale. Zinatheka bwanji kusiyira munthu mmodzi maso a gulu lonse zaka ziwiri, popanda wina wopita kukaona, chifukwa choti amalemba bwino? Kuyambira pamenepo wosunga Kope ankasintha chaka chilichonse. A Mbewe ankalemba nambala pa kalata iliyonse asanaipereke, kuti ikasowa idziwike. Mzati watsopano, umene tinauzika chakumtunda, unkawerengedwa ndi anthu awiri. Ine anandiletsa mawu akuti Ndaona. Ndinkaloledwa kulemba Ndikuganiza basi, ndipo asodzi ankandiseka mwaufulu.

Za mowa, ndinapita kwa mayi wa kachasu uja masana, anthu onse alipo, n'kunena kuti kuyambira lero akandigulitsa ndiye kuti akufuna kundipha. Anaseka, koma ndinali nditadzitsekera khomo ndekha pamaso pa mboni. Njira ija ndinasiya kuyenda ndekha. Loweruka, tsiku langa loopsa, ndinalidzaza ndi ntchito: ndinkapita kukaumba zidina za a Mbewe pamalo okwera, n'kuthandiza kuziwotcha. Sanandipemphe, sanandithokoze, ndipo sanandithamangitse. Masana ena ndinkakhala pa gombe la Che Amidu ndikuwagwirira matabwa, chifukwa pamalo pawo mowa sufika. Ndinagwa kawiri, sindibisa. Kawiri konse ndinakadziulula kwa a Nabanda ndisanafunsidwe, chifukwa ndinali nditadziwa kuti chimene chinandiwononga si kapu yoyamba yokha ayi, komanso mzere woyamba wabodza umene ndinalemba pobisa kapuyo. Ntchito ya uphunzitsi ndinabwezeredwa patapita chaka. Mkazi wanga anadikira chaka china asanabwerere, kuti aone ngati si nthabwala.

Patatha zaka zitatu, a Nabanda analemba m'Kope kuti Loweruka likubweralo mzati akawerenge a Gwaza, ndipo afunika munthu wachiwiri. Ndinkayembekeza Che Amidu. Nditafika pagombe ndinapeza a Mbewe ali chiimire, thalauza atapinda kale. Tinalowa m'madzi. Ndinawerama n'kuwerenga: mzere wachinayi. Iwo sanandikhulupirire, ndipo anali ndi chifukwa. Anawerama okha, anawerenga ndi chala kuchokera pansi, anayambiranso kachiwiri. Titatuluka ndinalemba, "Ndaona: mzere wachinayi." Anatenga cholembera n'kulemba pansi pake, "Inenso ndaona." Anandibwezera cholembera n'kunyamuka kupita kwawo, kumene mkazi wawo ankawadikira pa khonde ndi ndodo yake. Mpaka kumwalira kwawo sananditchenso achimwene.

Ndiye inu amene mwakhala apa mukufuna ndikuuzeni kuti mudzasiya mowa. Za inu sindikudziwa, ndipo sindinama kachiwiri pofuna kukusangalatsani. Pamenepo ndingolemba kuti ndikuganiza. Koma mukandifunsa ngati munthu amene anatsekera botolo ndi kalata ya mnzake angathe zaka zonsezi osalawa, ine Yohane Gwaza ndilemba kuti ndaona, ndipo mkazi wanga ali kumbuyoko, mukhoza kumufunsa ngati angasaine pansi pake.